Kamchombo ka Mbale ya Abambo

3 Meyi

Wokondedwa mlongo wanga Phokoso,

Ndikhulupirira uli bwino kutauniko. Kuno tilipo. Ndamva kuti foni yako inagwera m'chitini cha vanishi, ndiye ndapatsira kalatayi adalaivala a lole ya matabwa, pamodzi ndi katoni. Katoniyo utsegule modekha, simuli mabisiketi.

Panopa ndili kwa makolo. Amayi apita kukadwazika amayi aang'ono omwe achitidwa opaleshoni, ndiye ndasiya ana ndi alamu ako kuti ndidzayang'anire abambo. Ali chimodzimodzi chiwagwirireni sitiroko: dzanja lamanja silifumbata, mawu amatuluka theka.

Koma pali chinthu chomwe chikundidya mumtima. M'mawa uliwonse amaloza mbale ija ya mtengo wa mbawa, yomwe ankasema tsiku lomwe anagwa. Ndikawapatsa amaiika pamiyendo, n'kuitembenuza, n'kumasisita chitsa chija chinatsalira pansi pake. Kenako misozi. Amalozanso bokosi la matchizulo, koma ilo ndinalikweza pamwamba pa kabati, angadzicheke. Tangoganiza, munthu wasema mbale moyo wake wonse, lero yomaliza yangokhala ndi chitsa ngati ntchito ya wophunzira. Zikuwapweteka.

Ndiye mbaleyo ndi imeneyo mukatonimo. Iwe umagwira ntchito pa mashini osemera ngati awo aja. Uchotse chitsacho, ibwere yomalizika, aone chinthu chowasangalatsa. Mkati ndi kunja anamaliza okha mpaka kupaka mafuta, choncho isabwere ndi chipsera ngakhale chimodzi. Ndipo umalize ndithu, osati zija unachita ndi sukulu, ndi khola la nkhunda, ndi mpando wa amayi womwe mpaka lero uli ndi miyendo itatu.

Undiyankhe msanga.

Ndine mlongo wako wamkulu.


11 Meyi

Achemwali a Hedi,

Landirani moni kuchokera kwa mwana wokongola yekhayo wa m'banja mwathu. Ana ali bwanji? Nanga alamu akudya chiyani poti wophika wathawa? Madala muwapatse moni, muwauze kuti ntchito ya manja awo ikuyenda bwino m'tauni muno, ndikunena ineyo.

Katoni yafika. Kalata yanu ndaiwerenga nditaimirira ngati ndili pa asembule pamaso pa ahedi. Za sukulu zija munazilemberanji? Sukulu sindinaisiye ine, tinangosiyana mwamtendere.

Mbale ndaitulutsa, abwana anga a Tsinya n'kundilanda. A Tsinya mukuwadziwa, aja chibadwire sanasekepo. Aiunika padzuwa, aigogoda ndi chala, aitembenuza, kenako andiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Akuti, "Amene anasema ichi ndi mmisiri. Iweyo anakutola kuti?" Mwaona ulemu womwe ndikulandira kuno?

Tsopano tamverani, ndikuphunzitseni ulere. Mashini athuwa amagwira mtengo ndi mano anayi achitsulo, kenako n'kumauzunguza ife tikusema. Manowo saseka, amaluma. Chitsa chijacho madala anachisiya dala kuti mano aziluma pamenepo, mbale yeniyeniyo isakhudzidwe. Vuto ndi ili: kuti ndichotse chitsacho ndiyenera kutembenuza mbale, thako liyang'ane kunja. Ndiye mano agwira pati? Pamlomo? Ibwera kumeneko ngati yakumana ndi galu wa apolisi. Ndipo madala anaisema yopyapyala ngati chikamba cha dzira, kungofinya pang'ono, phwa!

Koma mlongo wanu si munthu wamba. Ndisema chipika chobulungira ngati mutu wa alamu. Mano aluma chipikacho, mbale ndiivundikira pachipikapo ngati chipewa, ndiye kumbuyo ndiikankha ndi kachitsulo kosongoka, pakati penipeni pa chitsa. Mbale ikhala yopanikizika pakati ngati munthu wonenepa m'minibasi. Kukankha kwambiri isweka, kukankha pang'ono iuluka ikagwere kwa aneba.

Chatsala ndi choika pakati pa chipika ndi mbale, kuti mkati musakandike. Nsalu imaterera. Labala wa chubu amasiya zakuda. Katoni imakanda. Mfumu ya zonse ndi chikopa chakale chofewa. A Tsinya ali nacho kachidutswa koma amakabisa ngati chibwenzi. Chikopa chofewa kuposa chonse padziko lino ndi cha epuloni ya madala ija ili pamsomali kuseri kwa chitseko. Ngati muli ndi mtima wa mkango, kaduleni pachifuwa pake munditumizire. Bokosi la maliro anu ndidzakukhomerani ndekha, la vanishi wonyezimira!

Musade nkhawa, mbale ibwera yosalala ngati tsaya la khanda. Mundiuze ngati nkhunda zanga zija zidakalipo kapena munazidya.

Ndine mmisiri wa amisiri,
Phokoso


19 Meyi

Phokoso,

Moni. Tilipo. Nkhunda zinathawa kalekale, khola lopanda chitseko ungasungiremo chiyani?

Chikopa chija ndi chimenecho, ndachikulunga m'nyuzipepala. Ndadula pachifuwa monga unanenera, abambo ali mtulo. Sizasi inakana, ndachita kubwereka mpeni wa osoka nsapato. Epuloniyo saivalanso, imangosonkhanitsa fumbi, bola igwire ntchito. Ndaipachikanso motembenuza kuti asaone.

Ufulumire. Abambo sakudya bwino masiku ano. M'mawa amaloza pashelefu pomwe pankakhala mbale, n'kumakuwa, "Mba! Mba!" Ine ndimawauza kuti dikirani, muona zabwino. Dzulo anakankha chakudya mpaka chinatayikira pansi. Ndikuona ngati awasowa amayi. Mwayi wake amayi akubwera sabata ino.

Chipsera ayi. Ndanena.

Mlongo wako wamkulu.


27 Meyi

Achemwali,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino basi.

MWADULA? Mwadula epuloni ya madala? Mayo ine! Nditatsegula nyuzipepala ija ndinangokhala pansi pa utuchi, pakamwa yasa. A Tsinya anaganiza kuti kwagwa maliro. Achemwali, zinali zocheza! Munthu akulembereni za bokosi la maliro anu, inu osaona kuti akuseka? Sukulu yonse ija munamaliza, phunziro la nthabwala munajomba?

Epuloni imeneyo ine ndili mwana ndinangopukutirapo m'manja, khutu ili mpaka lero ndi lalitali kuposa linzake. Amayi enieniwo sanaichapepo. Inu mwangofika ndi mpeni wa nsapato! Chikopacho chikununkha madala enieni, thukuta ndi mafuta a mbale. Ndinachibisa m'malaya tsiku lonse, kuopa ngakhale kuchiyang'ana.

Koma madzi akatayika saoleka. Poti chadulidwa kale, ndachigwiritsa ntchito. Mverani mmene mlongo wanu wagwetsera tauni.

Chipika ndinasema, mano analuma. Chikopa ndinayala pachipika, mbali yofewa kuyang'ana mbale. Mbale ndinavundikira, kachitsulo ndinakankha pang'onopang'ono ngati ndikufunsira mkazi wa ukali. Ndinazunguza kaye ndi dzanja, ikugwedera. Kumasula, kusuntha pang'ono, kuzunguzanso, ikugwederabe. A Tsinya ali chilili kumbuyo kwanga, akupumira m'khosi mwanga. Akuti, "Ukaiswa imeneyo usadzabwerenso kuno, ndipo kwanu usapitenso." Mawu olimbikitsa zedi.

Itakhala bwino ndinayatsa mashini pa liwiro la nkhono. Mbale ya madala ikuzungulira, yogwidwa ndi kachikopa basi. Tchizulo ndinangoti khu pang'ono, tizipalo tikutuluka topyapyala ngati tsitsi. Shopu yonse inasiya ntchito. Ngakhale mayi wogulitsa tiyi pakhomo analowa ndi ketulo yake. Pena ndinakankha mopitirira, mbale inalira kuti tswii, mayi uja n'kukuwa "Yesu!" Ine thukuta mpaka m'nsapato. Koma sinasunthe. Chikopa cha madala chinagwira ngati chikudziwa mwini wake.

Chitsa chatha! Pansi pasalala, ndaikapo ndi kamzere kozungulira monga amachitira madala. Mkati ndayang'ana ndi tochi: palibe chipsera, palibe chakuda, palibe kanthu. A Tsinya anasisita mlomo wonse ndi chala, n'kunena kuti, "Hm." Mukudziwa kuti "Hm" ya a Tsinya ndi satifiketi?

Kwangotsala kanthu kamodzi. Pakati penipeni, pomwe kachitsulo kanakankha, pamatsala kamchombo kakang'ono ngati nsonga ya chala. Mashini sangakachotse, chifukwa ndi komwe kakugwira mbale. Kameneko timachotsa ndi dzanja mbale itatsika, ndi tchizulo chakuthwa. Ntchito ya mwana. Ndichita mawa, kapena mkuja, tchizulo changa chabuntha ndipo mwala wonolera wabwerekedwa. Musayambe za sukulu zija, ndimaliza.

Lole yachedwa, akuti yafera panjira, ndiye kalatayi idikira. Madala akudya tsopano? Amayi afika? Nkhani ya epuloni muwafotokozere nokha, ine dzina langa lisamveke.

Phokoso, yemwe tauni ikumuwombera m'manja


24 Meyi

Iwe mwana,

Moni. Ndafika dzulo. Zomwe ndapeza m'nyumba mwanga muno sindinazionepo chibadwire.

Abambo ako ndawapeza atatha ngati nkhuni. Sakudzuka, angoyang'ana kukhoma. Pashelefu palibe mbale. Matchizulo ali kudenga. Ndati ndiwaveke epuloni mwina mtima ubwerere, ndapeza chibowo pachifuwa choti mutu wa munthu n'kulowa. Anachiona, mwana iwe. Sanakuwe. Anangotseka maso.

Inu ana, munandifunsa ine? Mlongo wako waona misozi basi waganiza kuti wadziwa zonse. Misozi imeneyo ndi ya ntchito. M'mawa uliwonse ndimawaveka epuloni, ndimawaika mbale pamiyendo, ndimawaika tchizulo m'dzanja lakufalo, ndiye amalimbana kuti zala zifumbate. Zimapweteka, n'chifukwa chake amalira. Adokotala anawapatsa kampira koti azifinya, anakataya pawindo. Chitsa chija ndiye kampira kawo. Anandiuza ndi pakamwa pawo popotokapo kuti mbale imeneyo adzamaliza okha. Chala chachikulu chinali chitayamba kugwedera. Tsopano mwawalanda chodzukira m'mawa.

Mbale imeneyo ankasemera ine. Zaka zonsezi mbale zawo zimapita kwa anthu, ine kudyera m'zapulasitiki. Ndinali wokonzeka kuidikira ngakhale mpaka imfa.

Usaikhudze. Ukumva? Ibwere ndi chitsa chake mmene inachokera. Ngati wachotsa kale, sindikudziwa kuti ndidzawauza chiyani, ndipo sindikudziwa ngati adzadyanso.

Mlongo wako ndamuuza abwerere kwa mwamuna wake. Wapita akulira.

Ndine mayi ako.


5 Juni

Amayi,

Moni. Kalata yanu yafika lero, inagona m'lole yakufa ija pamodzi ndi matabwa. Adalaivala andipatsa akuseka, akuti yachedwa pang'ono. Pang'ono!

Ndaiwerenga. Amayi, chitsa ndinachotsa. Ndinachotsa bwinobwino, anthu mpaka kuwomba m'manja. Sindinadziwe. Ndikanadziwa bwenzi nditadula chala changa m'malo mwake. Ndafunsa a Tsinya ngati tingamate china ndi guluu, andiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Akuti mmisiri ngati uja angadziwe ali chitsinzire.

Nthabwala ya epuloni inali yanga, achemwali anangomvera. Musawakwiyire okha.

Sinditumiza mbale pa lole. Ndibwera nayo ndekha pa basi, pamiyendo. Kalatayi ndapatsira mnzanga amene akunyamuka lero, ine a Tsinya andimasula Loweruka. Muwanyengerere madala amweko ngakhale tiyi. Sindikuikhudzanso, ndaikulunga mmene ilili.

Mwana wanu, amene lero alibe chonena


12 Juni

Achemwali a Hedi,

Moni kuchokera kunyumba komwe munathamangitsidwa. Ana ali bwanji? Alamu ayambanso kunenepa? Ndamva kuti simukutuluka m'nyumba ndipo maso atupa ngati mwalumidwa ndi njuchi. Khalani pansi muwerenge, ndipo lero sindikuseka. Chabwino, pang'ono pokha.

Nditafika amayi sanandipatse moni. Anangoyang'ana katoni, n'kufunsa, "Chilipo?" Ndinapukusa mutu. Anagwira chitseko ngati agwa.

Madala, achemwali, sindinawazindikire. Kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Tinawadzutsa, tinawakhazika pampando, iwo maso pansi. Ine wa pakamwa ngati wailesi ndinangoti, "Madala, ndabwera." Ndinawaika mbale pamiyendo.

Dzanja lamanzere linayamba lokha. Linazungulira mlomo wonse pang'onopang'ono, likufuna pomwe mano analuma. Palibe. Linalowa mkati, kusisita uku ndi uku. Palibe. Anadzutsa maso n'kundiyang'ana koyamba. Ndikanakhala munthu wina bwenzi nditanyada, koma ndinkadziwa chomwe chikubwera.

Anaitembenuza.

Phokoso lomwe anatulutsa sindikufuna kudzalimvanso. Si kulira, si kukuwa. Ngati thabwa likamang'ambika. Amayi anaphimba kumaso ndi nsalu. Ine ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe. Dzanja lija linkangoyenda pomwe panali chitsa, posalala, posalala, ntchito yanga yabwino yonyansayo.

Kenako chala chinagunda kanthu. Chinaima.

Kamchombo kaja, achemwali! Sindinakachotse. Mwala wonolera unabwera kalekale, koma mawa linakhala mkuja, mkuja linakhala sabata, mukundidziwa. Mpaka ndinali nditakaiwala. Madala anakatsina, anakagwedeza, anandiyang'ana. Pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, "Pamenepo mashini safika, madala, mukudziwa. Pamafuna dzanja la mmisiri. Ine ndangokuchotserani zinyalala."

Madala analoza pamwamba pa kabati.

Amayi anakwera pampando wa miyendo itatu uja ngati mtsikana, kutsitsa bokosi la matchizulo. Anawaveka epuloni, chibowo chanu chili pachifuwa ngati windo la shopu. Madala anasankha okha tchizulo chaching'ono, anayesa kuthwa kwake pa chikhadabo. Koma mbale igwidwa ndi chiyani? Dzanja limodzi ndi lakufa, linalo likufunika kuthandiza linzake. Ndinagwada patsogolo pawo, ndinayala chikopa chija pamaondo awo, ndinavundikira mbale pachikopapo, n'kuigwira ndi manja awiri. Ndinati, "Mashini lero ndi ine, ndipo sindiluma."

Amayi anaika tchizulo m'dzanja lamanja, n'kupinda zala chimodzichimodzi. Madala anakutira ndi lamanzere pamwamba pake. Anakankha. Tchizulo chinagwa. Amayi anatola. Anakankhanso, chinagwanso. Thukuta kuyenderera, misozi ija munaiona inu kutuluka, mano kukukuta. Ine manja achita dzanzi koma kusuntha ayi. Sindikudziwa kuti tinakhala nthawi yaitali bwanji, tiyi wa amayi anazizira patebulo. Kapalo kakang'ono kanatuluka. Kena. Kena.

Kenako thu! Kamchombo kanauluka kukalowa pansi pa kabati. Koma tchizulo sichinaime. Chinapitirira n'kulemba mzere pansi pa mbale, wautali ngati chala, kungotsala pang'ono kunditenga chala chachikulu.

Mbale yadutsa m'mano a mashini, yakwera lole, yakwera basi, yadyetsa epuloni, yopanda chipsera. Lero chipsera ndi icho, chooneka uli pakhomo. Ndinati, "Musadandaule madala, ichi n'chaching'ono," ndikutulutsa sandipepa m'thumba.

Phaa! Pa dzanja langa.

Ndinakuwa, sandipepa uko. Amayi anakuwa kuposa ine, koma osati chifukwa cha ine. Ankaloza. Achemwali, anandimenya ndi lamanja! Dzanja lakufa lija linanyamuka lokha kuchoka pa epuloni kudzandiphwanya ine. Madala nawonso ankaliyang'ana ngati la munthu wina.

Kenako anati, momveka bwino ngati wowerenga nkhani pa wailesi, "Siya."

Anatembenuza mbale ndi lamanzere, anaikankhira kwa amayi. Amayi anaifungatira, akulira, akuseka, n'kundiuza kuti chibadwire changa aka n'koyamba kuti kusamaliza zinthu kwanga kupindulitse munthu. Ndawauza kuti mawu amenewo andilembere papepala ndikawaonetse aphunzitsi anga akale.

Madzulo madala anadya. Amayi anadyera m'mbale yawo yatsopano, ndipo asanaikemo chakudya anaitembenuza kaye kuyang'ana chipsera chija. A Tsinya ndikawapempha chipika china chokhala ndi chitsa chachikulu, madala akhale ndi cholimbana nacho m'mawa.

Tsopano za inu. Lero madala analowetsa dzanja pachibowo cha epuloni, n'kuloza chithunzi chanu cha pakhoma, n'kupukusa mutu. Koma mbali ya pakamwa yomwe imagwira ntchito ija inali ikuseka, ndinaona ndi maso angawa. Amayi akuti mubwere Lamlungu ndi ana. Akuti mubwereke singano yaikulu kwa osoka nsapato omwe aja anakubwerekani mpeni, mudzasoke nokha pomwe munadula, madala akuyang'anirani. Chikopa chilipo, chabulungira pang'ono ngati mutu wa alamu, koma chilowa.

Pomwe anandimenya patupa. Amayi akufuna kupakapo mankhwala, ndakana. Mufulumire mudzaone pasanaphwe.

Mlongo wanu,
Phokoso